Ulendo wa Mkhristu: Kodi Munthu Athamange Yekha?

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za buku limodzi lakale. Ambiri a inu mudalimva dzina, ena mudaliwerenga muli ana a sukulu, ndipo ena muli nalo m'bokosi pansi pa Buku Lopatulika, masamba ake atayamba kudyeka ndi njenjete. Ndilo buku la John Bunyan lotchedwa The Pilgrim's Progress, limene kwathu kuno tilitcha Ulendo wa Mkhristu.

Chotichititsa kulemba ndi ichi. M'miyezi ya chilimwe chapitachi, chimanga chitalowa m'nkhokwe, tinali kuliwerenga madzulo a tsiku lachitatu lililonse pamodzi ndi a m'kalasi ndi akulu ena a mpingo. Tsiku loyamba lomwe, titafika pamene Mkhristu atuluka pakhomo pake nathamanga, atatseka makutu ndi zala kuti asamve mkazi ndi ana ake akumuitana kuti abwerere, amai ena okalamba anatidula mau. Amaiwa sadziwa kuwerenga, koma sajomba ku mapemphero. Anati, "Aphunzitsi, taimani kaye. Bamboyu pothawa, anawa wawasiyira chiyani m'nkhokwe? Nanga akakafika kumwambako yekha, nakamfunsa kuti ana ali kuti, akayankha chiyani?" Anyamata anaseka. Ife sitinaseke, pakuti taphunzitsa bukuli zaka zambiri, koma tsiku limenelo tinalibe yankho lokonzeka. Tinawalonjeza kuti tidzawayankha tikatha buku lonse, ndipo zimene tinapeza ndizo tilemba pano.

Mwini Buku

Tiyambe ndi mwini buku, pakuti mau a munthu amveka bwino tikadziwa pamene anakhala powalankhula. John Bunyan adabadwa m'chaka cha 1628 m'mudzi wa Elstow, pafupi ndi mzinda wa Bedford m'dziko la England. Atate wake anali wokonza miphika ndi maketulo achitsulo, ndipo mwanayo adatsata ntchito yomweyo. Sukulu adaphunzira pang'ono, kungodziwa kuwerenga ndi kulemba. Atatembenuka mtima, patapita zaka za nkhondo yoopsa m'chikumbumtima chake, adalowa mu mpingo waung'ono wa ku Bedford nayamba kulalikira. Masiku amenewo lamulo lidaletsa misonkhano ya mapemphero kunja kwa Mpingo wa England, ndipo m'chaka cha 1660 adamgwira namtsekera m'ndende. Akadalonjeza kuleka kulalikira akadammasula. Koma iye adakana, nakhalamo zaka 12, kufikira 1672. Kunyumba adasiya mkazi wake Elizabeth ndi ana anai a mkazi wake woyamba amene adamwalira, mmodzi wa iwo mtsikana wakhungu dzina lake Mary. Ndipo m'ndendemo anali kukonza zingwe za nsapato kuti banja lipeze kangachepe. Gawo loyamba la bukuli lidasindikizidwa mu 1678, lachiwiri mu 1684, ndipo mwini wake adamwalira ku London mu 1688. Kuyambira pamenepo latembenuzidwa m'zinenero zoposa 200.

Tikumbukire ichi poweruza: amene adalemba za munthu wosiya mkazi ndi ana anai ndiye yemwe adalekanitsidwa ndi mkazi ndi ana anai, ndipo adachitira umboni yekha m'buku lina kuti kukumbukira mwana wakhunguyo kudamng'amba mtima.

Zimene Bukuli Lichita Bwino

Maina a anthu ndi a malo tiwalemba monga mwa tanthauzo lake, chotero mungapeze kuti asiyana pang'ono ndi a m'buku lanu.

Nzeru yoyamba ya Bunyan ioneka pa malo amene adaikapo mtanda. Mkhristu achoka ku Mudzi wa Chionongeko ali ndi katundu wolemera kumsana, agwa m'Thope la Kutaya Mtima, asokeretsedwa ndi Wanzeru-za-Dziko, abwezedwa m'njira ndi Mlaliki, alowa pa chipata chopapatiza, nafika pa mtanda. Pomwepo katundu amasuka yekha, nagubuduka kufikira alowa m'manda, osaonekanso. Wowerenga ayesa kuti nkhani yatha. Koma akagwira ndi zala masamba otsala, apeza kuti achuluka kwambiri koposa amene wawerenga. Phiri la Zovuta, nkhondo ndi Apoliyoni, Chigwa cha Mthunzi wa Imfa, Msika wa Zachabe, Linga la Kukayika, ndi mtsinje wopanda ulalo, zonsezi zili m'tsogolo, ndipo zimpeza munthu amene machimo ake akhululukidwa kale.

Apa Bunyan atsata mtumwi Paulo. M'kalata ya kwa Afilipi, mutu 3, ndime 12 kufikira 14, Paulo, ali m'unyolo, atagwira ntchito ya Ambuye zaka zambiri, avomera kuti sanafike. Zakumbuyo azileka kumbuyo, nadziponya m'tsogolo monga wothamanga amene maso ake ali pa mapeto a liwiro ndi pa mphotho. Ngati Paulo sanadziyese wofika, nanga ife? Koma tidziwa matenda a m'mipingo yathu. Munthu akhala m'kalasi miyezi yambiri, aloweza Katekisma, ayankha bwino pamaso pa akulu, abatizidwa. Ndipo kuyambira tsiku lomwelo Buku lake lituwa ndi fumbi. Afanana ndi mlimi amene atatha kubzala apachika khasu, naiwala kuti kupalira ndi kubandira kumdikira. Kwa munthu wotere bukuli lili mankhwala, pakuti limuonetsa kuti ubatizo wake uli pa chiyambi cha njira.

Nzeru yachiwiri ndiyo kudziwa kwake pamene munthu agwera. Wina angayese kuti Mkhristu adzagwa pa nkhondo ndi Apoliyoni, chilombo cha mamba ngati a nsomba ndi mapiko ngati a chinjoka. Iai, pamenepo alimbika koposa theka la tsiku, alasidwa pamutu, padzanja ndi paphazi, lupanga limpulumuka, koma alitolanso napambana. Kugwa kwake kuchitika pa malo ofewa. Pakati pa Phiri la Zovuta pali chisakasa chimene Mwini phiri adamangira alendo otopa. Mkhristu akhala pansi kuti apumule pang'ono, tulo timgwira kufikira dzuwa lapendeka, ndipo kalata imene adalandira pa mtanda igwa pansi iye osadziwa. Azindikira atafika pamwamba. Abwerera alikulira, naponda katatu njira imene akadaiponda kamodzi.

Momwemonso pa Dambo la Njira-yapambali. Mseu wakula miyala, mapazi atupa, ndipo kutsidya kwa mpanda kuli kanjira kofewa kooneka ngati kalinga komweko. Mkhristu, ndiye wamkulu, akopa mnzake Woyembekeza kuti alumphe. Mdima ugwa, mvula ivumba, madzi adzaza njira, ndipo m'mawa adzuka ali m'manja mwa chimphona dzina lake Kutaya-Chiyembekezo. Chiwatsekera m'Linga la Kukayika kuyambira lachitatu m'mawa kufikira loweruka usiku, opanda chakudya kapena kuunika, chiwakwapula, ndi kuwauza kuti kuli bwino adziphe okha. Atapemphera kuyambira pakati pa usiku kufikira m'bandakucha, Mkhristu akumbukira kuti ali ndi chifungulo pachifuwa pake, dzina lake Lonjezo, chotsegula zitseko zonse za lingalo. Ndipo anali nacho masiku onsewo. Amene adagonapo m'linga lotere adziwa kuti Bunyan sadapeke kanthu. Ife tidaona akulu a mpingo amene adaima nji pa maliro a ana ao, osapita kwa woombeza, koma adagwa ndi kangongole kakang'ono ka ndalama za chopereka, kamene adati adzabweza mwezi wa mawa.

Za Mphotho

Ena atsutsa bukuli, nati liphunzitsa anthu kutumikira Mulungu monga waganyu, maso ali pa malipiro. Mlandu uwu tiyesa kuti Bunyan aupambana. Taonani Wopepuka, mnansi amene atsagana ndi Mkhristu pa chiyambi. Amfunsa za dziko limene apitako. Amva za akorona, za zovala zowala, za malo opanda kulira ndi chisoni. Mtima wake uyaka, nafuna kuti afulumire. Asanapite patali agwa onse awiri m'thope. Wopepuka atulukira mbali ya kwao, nabwerera; Mkhristu, ngakhale amira koposa chifukwa cha katundu, avutikira mbali ya ku chipata. Onse awiri adamva za mphotho imodzi, koma mmodzi yekha anali ndi katundu wofuna Womchotsa. Potero Bunyan atiphunzitsa kuti kukhumba za kumwamba, popanda kudziwa tchimo ndi Mpulumutsi, kutha ndi thope loyamba. Akulu adati, walira mvula walira matope.

M'nyumba ya Womasulira, Mkhristu aona ana awiri atakhala pa mipando. Wamkulu, Chilakolako, afuna zake zonse tsopano. Apatsidwa thumba la chuma, aseka mnzake, koma posachedwa amwaza zonse natsala ndi nsanza. Wamng'ono, Chipiriro, alola kulindira chaka cha mawa. Chilakolako ali nao mwambi wake ngakhale kwathu kuno, wakuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Pa za fodya mwambiwu unena zoona. Koma ambiri autengera ku za moyo, nadya mbeu yao m'mwezi wa njala, nasowa chobzala mvula itagwa.

Tiyamikanso Bunyan chifukwa cha kudziletsa kwake pa Mzinda wa Kumwamba. Atatiyendetsa masamba ochuluka, atsegula chipata kanthawi kochepa: tiona kuwala ngati kwa dzuwa, miseu ya golidi, anthu ovala akorona ali ndi azeze m'manja, ndipo chipata chitsekeka, wolotayo natsala kunja alikulakalaka. Sadapitirire pa zimene Malembo anena. Alipo alaliki amene adziwa za kumwamba koposa Yohane wa pa chisumbu cha Patmo, nafotokoza nyumba zake chipinda ndi chipinda. Amenewo aphunzire kwa wokonza miphikayu.

Zilema Zake

Tsono tinene za zilema, pakuti buku ili si Buku Lopatulika, ndipo mwini wake yemwe adauza owerenga kuti asunge chabwino ndi kutaya chachabe.

Choyamba nchaching'ono. Makambirano ena atalika. M'Dziko Logonetsa, kumene mpweya wake ulemeza maso a alendo, Mkhristu ndi Woyembekeza akambirana za chiphunzitso kuti asagone; koma ife tinaona kuti makambirano omwewo anagonetsa theka la kalasi yathu. Wowerengera anthu awagawe pang'onopang'ono, nafunse mafunso pakati.

Chachiwiri, Bunyan anali mwana wa nthawi yake. Ajambula Papa ngati chimphona chokalamba cha pakhomo pa phanga, choluma zikhadabo zake. Umenewo unali udani wa m'zaka zija za mazunzo, ndipo sitiyenera kuulandira ngati cholowa, ife amene tikumba manda pamodzi ndi abale athu a Chikatolika. Ndiponso Wosyasyalika, amene akola alendo mu ukonde, amfotokoza kuti ndi munthu wa thupi lakuda wovala mwinjiro woyera. Ena ati atanthauza mdima wa mumtima, ndipo kapena ndi momwemo. Koma mwana wa mu Afirika akawerenga pamenepo alasidwa, ndipo tinena poyera kuti apa mlembi adalakwa. Khungu silichitira umboni mtima. Mdindo wa ku Etiopia, wa m'Machitidwe mutu 8, adabatizidwa dziko la Bunyan lisanamve Uthenga.

Chachitatu chili pa mapeto a gawo loyamba. Mnyamata wotchedwa Umbuli afika pa chipata cha Mzinda, ataoloka mtsinje pa bwato mosavuta. Afunsidwa kalata yake, afufuza pachifuwa, osaipeza. Amangidwa manja ndi miyendo, nachotsedwa. Pano pali misampha iwiri kwa owerenga athu. Woyamba uli m'dzina. Kwathu mbuli ndiye munthu wosapita ku sukulu, ndipo tinaona nkhope za okalamba zitagwa pakumva dzinali. Koma mnyamatayu ndi wochangamuka, wolankhula bwino, wochokera ku dziko la Kudzitama. Apemphera, asala kudya, apereka chakhumi, abweza ngongole zake. Chimene sadziwa ndicho mtima wake ndi chilungamo cha Khristu; adalowa m'njira podzera kanjira kokhota, osadzera pa chipata, ndipo akana kulangizidwa. Umbuli wotere upezeka ndi mwa ife aphunzitsi omwe. Msampha wachiwiri uli m'kalata. Ife tazolowera makalata: chitupa cha pa ulendo, khadi la mpingo, kalata yosamukira ku mpingo wina; ndipo tamva ena alikuti kalata ya Mkhristu ndiyo khadi losainidwa ndi abusa. Iai, abale. Bunyan adakhala m'ndende popeza analibe chilolezo cha anthu chakulalikira. Kalata imene anena iye ndiyo umboni wa Mzimu mumtima wa wokhululukidwa, monga tiwerenga pa Aefeso 1, ndime 13 ndi 14, ndipo palibe mlembi wa mpingo angathe kuilemba.

Chilema chachikulu ndicho chimene amai aja anachiona. Tiyambe ndi kumteteza Bunyan pamene ayenera kutetezedwa. Bukuli ndi loto ndi fanizo. Kuthawa kwa Mkhristu kufanizira mtima wotembenuka, umene sungathe kulindira chilolezo cha abale, ndipo Ambuye mwini adachenjeza pa Luka 14 kuti womtsata adzamuika Iye patsogolo pa a m'nyumba yake. Ndiponso ku Nyumba Yokongola namwali dzina lake Chikondi amfunsa Mkhristu funso lonlinga komweko, chifukwa chake sadabwere nalo banja lake. Ndipo iye alira, nanena kuti adawadandaulira kawirikawiri, koma iwo sadamvere. Chotero Bunyan sadaiwale anawo.

Komabe fanizo lili ndi mphamvu yoposa kumasulira kwake. Chimene chitsala m'maso mwa womvera ndicho mwamuna wothamanga, ndi mkazi wolira pakhomo. M'gawo loyamba sitiona mlendo aliyense akulima, kapena kulera mwana. Dziko lonse lili ngati mseu wongopitapo. Ndipo ife a dziko lino chithunzi chimenechi tichidziwa mwa njira ina. Kuyambira masiku a makolo athu amuna adapita ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya ku Rhodesia, ena nasanduka machona, osalembanso kalata. Ndipo kufikira lero midzi yathu ili ndi akazi olera ana okha. Alipo ndi machona a mtundu wina, amene sachoka m'mudzi: bambo wosasowa pa msonkhano uliwonse wa chitsitsimutso, wogona kuphiri kupemphera, pamene munda wake wamera nansongole, ndi ana ake ali ndi usiwa. Wotere akamva gawo loyamba lokha adziona m'menemo, nayesa ulesi wake chipembedzo. Koma Paulo yemwe uja wonena za mphotho adalembera Timoteo, m'kalata yoyamba mutu 5 ndime 8, kuti wosasamala a pabanja pake wachitaya chikhulupiriro.

Gawo Lachiwiri

Yankho la funsoli adalilemba Bunyan mwini patapita zaka 6, ndipo chisoni nchakuti ambiri sadaliwerenge, popeza mabuku ena ofupikitsidwa alekezera pa gawo loyamba. Pofika 1684 anali atakhala mbusa wa mpingo wa ku Bedford zaka 12, ndipo mbusa adziwa kuti m'khola muli zoyamwitsa, zobadwa kumene ndi zotsimphina.

M'gawo ili mkazi uja, dzina lake Christiana, amva chisoni chifukwa cha kuuma mtima kwake, alandira kalata yomuitana yochokera kwa Mfumu, nanyamuka ndi ana ake anai, ndiwo Mateyu, Samuele, Yosefe ndi Yakobo, pamodzi ndi namwali wa pamudzi dzina lake Chifundo. Njira ndi yomweyo, koma mayendedwe asiyana. Womasulira awapatsa mtsogoleri, Wolimba-Mtima. Pa Phiri la Zovuta amai apuma mwa wefuwefu, mwana wamng'ono ayamba kulira, ndipo mtsogoleriyo amgwira dzanja namkweza kufikira pa chisakasa. Mateyu adwala m'mimba chifukwa cha zipatso zimene adathyola pa mtengo wa m'munda wa mdani, ndipo onse amlindira kufikira sing'anga amchiritsa. Akhala mwezi wathunthu pa malo amodzi. Chifundo asoka zovala za aumphawi. Anyamata akula, akwatira, nabala ana. M'mudzi womwe uja wa Msika wa Zachabe, kumene Wokhulupirika adatenthedwa ndi moto, iwo akhalitsa m'nyumba ya mbale wina, nathandiza osauka.

Ndipo gulu likula ndi anthu amene wothamanga akadawasiya m'njira. Wofooka-Mtima, amene adampulumutsa m'manja mwa chimphona china, azengereza kutsagana nao poopa kuwalemetsa. Wolimba-Mtima amuuza kuti adatumidwa kuchirikiza ofooka, ndi kuti adzamlindira. Wotsimphina abwera ndi ndodo zake zoyendera. Pofika ku Linga la Kukayika, kumene Mkhristu adangopulumuka, iwo apha chimphonacho, nagumula linga masiku 7, natulutsamo Wosweka-Mtima ndi mwana wake wamkazi Wamantha-Ambiri. Ndipo pamseu pomwepo Wotsimphina avina ndi namwaliyo, ndodo imodzi ili m'dzanja. Titawerenga pamenepo kalasi yonse inaomba m'manja.

Koma chimene chinatigwira mtima koposa ndi mbiri ya Wamantha, imene Wolimba-Mtima afotokoza. Munthuyu adakhala pa Thope la Kutaya Mtima koposa mwezi, adanjenjemera pa khomo lililonse, poopa kuti sadzalandiridwa, koma sadabwerere. Pofika pa mtsinje, madzi adaphwa koposa masiku onse, naoloka osanyowa kwenikweni. Mkhristu, ngwazi yopambana Apoliyoni, adayamba kumira mumtsinje womwewo, Woyembekeza namgwira mutu pamwamba pa madzi. Tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha. Potsiriza alendo aitanidwa mmodzimmodzi, Christiana poyamba. Koma ana ake ndi akazi ao ndi adzukulu atsala tsidya lino, kuti mpingo uchuluke pamene iwo ali.

Chiweruzo Chathu

Tinena tsono kuti magawo awiriwa ndi buku limodzi, ndipo wowerenga limodzi lokha wamva theka la nkhani. Loyamba liphunzitsa kuti palibe munthu angakhulupirire m'malo mwa mnzake, ndi kuti pa chipata chopapatiza ndi pa mtsinje munthu adzera yekha. Lachiwiri liphunzitsa kuti pakati pa chipata ndi mtsinje tiyenda m'gulu. Pa 1 Akorinto 9 Paulo akumbutsa mipikisano ya Agriki, kumene ambiri athamanga koma mmodzi yekha alandira nkhata ya masamba, imene ifota. Koma pa 2 Timoteo 4, ndime 8, aonetsa kuti korona amene iye ayembekeza ndi wa onse olindira Ambuye ndi chikondi. Chifukwa chake pa liwiro ili wobwerera kukadzutsa mnzake salandidwa kanthu. Yakobo, pa Genesis 33, adakana kuyenda liwiro la Esau ndi amuna ake 400, nati adzatsata pang'onopang'ono monga mwa mayendedwe a zoweta ndi a ana. Ndipo adafika ndithu m'dziko la Kanani.

Tsiku lotsiriza la kuwerenga tinawayankha amai aja motere: "Amai, za m'nkhokwe buku silinena kuti bamboyu adasiyamo kanthu, ndipo pamenepo tisamtsanze. Koma adasiya njira yopondedwa. Pakuti kulikonse kumene mkazi ndi ana anafika, anawalandira ndi chimwemwe pakumva dzina lake. Ndipo funso lanu lachiwiri adafunsidwa asanafike kumwamba, nayankha ndi misozi." Amaiwo anakhala chete kanthawi, nati, "Ndamva, aphunzitsi. Koma chaka cha mawa mukadzawerengera ana enawo, musadzalekezere pa bamboyo." Ndipo tawalonjeza.

Chomwecho tipempha aphunzitsi anzathu, alaliki ndi akulu a mpingo: pamene muwerengera anthu bukuli, funani lokhala ndi magawo onse awiri, ndipo musalitseke Christiana asanaoloke. Inu abale amene mudapachika khasu tsiku la ubatizo, werengani gawo loyamba, muwerenge masamba otsala kutsogolo kwa mtanda. Inu amene muthamanga bwino, werengani lachiwiri, mucheuke. M'mudzi mwanu muli Wotsimphina ndi Wamantha, amene adaleka kudza ku Mgonero chifukwa cha manyazi, kapena chifukwa miyendo yatha. Kapena ali m'nyumba mwanu momwe. Tsiku la Sabata likudzali mulawire, mudzere pakhomo pake, mupite naye pamodzi.